PODULA NTHAMBI, YAMBANI NDI YAKUMBUYO

Mlungu uno ndikuululirani kulakwa kwanga. Mphunzitsi wina wa masamu kuno kwa Jumbe anandipempha kuti ndimthandize kukonza pepala la mayeso pa kompyuta. Munali mafunso 10, ndipo iye anafuna kucotsamo lacitatu ndi lacinayi. Ine, pofuna kuonetsa nzeru, ndinalemba kalamulo kakuti makina acite okha nchitoyo. Titayang'ana, lacitatu linali litacokadi, koma lacinayi linali cikhalire. Limene linasowa linali lacisanu, lomwe mwini wake anacezera usiku kulikonza. Ha, manyazi ake!

Tinali kugwiritsa nchito TeXmacs, pulogalamu yaulere yolembera masamu, imene anaiyambitsa Joris van der Hoeven, katswiri wa masamu wogwira nchito ku France. Munthu akhoza kuilamula m'cinenero ca makina cochedwa Scheme. Ife tiona pepala ngati mizere ya mawu, koma TeXmacs ilisunga ngati mtengo. Thunthu ndilo pepala lonse, nthambi ndizo ndime, ndipo kunsonga kuli mawu ndi manambala. Ngakhale theka, lija tilemba 1 pamwamba ndi 2 pansi, ndi kanthambi kochedwa frac kokhala ndi ana awiri.

Tsono makina apeza nthambi poyang'ana malo ake mumzere, ndipo ayamba kuwerenga pa 0, osati pa 1. Kwa iwo funso lacitatu lili pa 2, lacinayi pa 3. Izi ndinazidziwa bwino. Cimene ndinaiwala ndi cija adziwa mayi aliyense wodikira pacigayo: wakutsogolo akacoka, akumbuyo onse asendera. Lamulo la tree-remove litadula pa 2, funso lacinayi linasendera pamalo pomwepo, lacisanu nkufika pa 3. Nkhwangwa yaciwiri inagwera ilo losalakwa.

Mukafuna kudula nthambi zingapo, yambani ndi yakumbuyo, cifukwa zakutsogolo sizisendera: dulani pa 3, kenaka pa 2. Ndipo ngati nthambizo zili zoyandikana monga zathuzi, tree-remove ilola kuiuza poyambira ndi kuculuka kwake, nidula zonse kamodzi.

Mwayi wathu unali wakuti mphunzitsiyo sanataye kope lake lolemba pamanja. Funso lacisanu tinalilembanso madzulo omwewo, iye akuwerenga, ine ndikutaipa, wosakweza maso.