Mchere wa m'mathiriro a Pungwe ndi nkhono zimene mumagula ku Beira

Ngati mukhala ku Mutare, madzi ambiri a pa mpope panu amachokera mu mtsinje wa Pungwe, umene mzindawu unayamba kupatutsako madzi mu 1999. Mtsinje womwewo umakathira m'nyanja ya mchere ku Beira, kumene ochita malonda odutsira pa chipata cha Forbes amagula nsomba, nkhanu ndi nkhono za zigoba ziwiri, zimene ogulitsa kumeneko amazitcha amêijoa kapena mexilhão. Thanzi la nkhono zimenezi limatsatira mchere wa m'madzi, ndipo lanu limatsatira lawo mukazidya.

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Nkhono sizitha kuletsa mchere wa m'thupi mwake kusintha pamodzi ndi wa madzi ozizungulira. Mchere ukatsika mwadzidzidzi, zimatseka zigoba, n'kuleka kudya ndi kupuma bwino. Zimapirira masiku owerengeka chabe. Zikapitirira apo, chitetezo cha m'thupi mwake chimafooka, zimene zimamatirira pamiyala zimayamba kupululuka, ndipo zambiri zimafa.

Zaka zapitazi Pungwe wasefukirapo, waphweranso. Mu Marichi 2019 namondwe Idai anakokolola madzi a mvula, matope ndi zonyansa za m'zimbudzi kupita ku mathiriro, ndipo mwezi usanathe kolera anabuka ku Beira. Mu 2024 kunali chilala cha El Niño, chimene boma la Zimbabwe linachitcha tsoka la dziko mu Epulo. Mtsinje ukaphwa chotero, madzi a mchere amalowa kutali kumtunda, vuto limene ladetsa nkhawa kwa nthawi yaitali opopa madzi a mzinda wa Beira.

Choopsa kwa inu si mcherewo ayi. Nkhono zimadya posefa madzi, choncho zimasunga tizilombo ta m'madzimo. Tizilombo ta mtundu wa Vibrio, kuphatikizapo toyambitsa kolera, timaswana kwambiri m'madzi ofunda a mchere wapakatikati, monga momwe mathiriro amakhalira mvula yamphamvu ikangotha. Kanthawi kameneka ndi kamenenso nkhono zimakhala zofooka ndi kuwola msanga paulendo wa makilomita pafupifupi 300 wobwerera ku Mutare.

Mu 2023 Zimbabwe ndi Mozambique anakhazikitsa bungwe loyang'anira mitsinje ya Buzi, Pungwe ndi Save. Zokambirana zotere zimakonda kuima pa kagawidwe ka madzi akumwa ndi a ulimi wothirira. Ine ndikuona kuti madzi otsalira mathiriro ayeneranso kuwerengedwa ngati nkhani ya zaumoyo, pakuti chakudya cha kumeneko chimawoloka malire.

Pakadali pano, pewani kugula nkhono m'masabata otsatira kusefukira kwa madzi. Tayani iliyonse yoyasama imene siitseka mukaigogoda. Wiritsani zotsalazo mpaka zigoba zitseguke, muonjezerepo mphindi 5, ndipo zokana kutseguka musadye. Ndimu ndi tsabola sizipha tizilombo. Ngati muli ndi matenda a chiwindi, shuga kapena HIV, musalawe nkhono yosapsa ngakhale imodzi. Mukayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, imwani ORS nthawi yomweyo, pitani kuchipatala, ndipo muwauze a dokotala zimene mwadya ndi kumene munazigula.