Mlomo Wosiyidwa pa Lamya

M'mwezi wa Novembala 2020 ophunzira a Folomu 4 m'dziko lonse lino anauzidwa kuti aleke kulemba mayeso a MSCE, abwerere kwawo. Mapepala a mayeso anali atabedwa, nayamba kuyenda m'malamya a m'manja kudzera pa WhatsApp tsiku lolemba lisanafike. Nduna ya Maphunziro ya nthawiyo, Mayi Agnes NyaLonje, inalengeza kuti mayesowo afafanizidwa, ndipo anawo anakalembanso mu Januwale 2021. Akuba enieni ayenera kuti anali owerengeka. Koma olandira mapepalawo ndi kuwatumiza kwa anzawo anali khamu, ndipo pakati pawo panali anthu oti sangatole ngakhale nthochi ya mwini pa msika wa Songani. Tsono nchiyani chimene chimachititsa munthu waulemu wake kutaya mwambo akangogwira lamya?

Ife tikuona kuti gwero lake ndi kutha kwa manyazi. M'chigwa chino cha Domasi, munthu akanyoza mnzake amadziwa kuti m'mawa mwake akakumana naye pa mjigo, kapena m'minda ya mpunga, kapena pa maliro pamene adzakhala mphasa imodzi usiku wonse. Nkhani ikakula imafika kwa ankhoswe, ikawalaka imapita pa bwalo la mfumu, ndipo wolakwa amapepesa ndi nkhuku anthu akuona. Nkhuku yokhayo si kanthu. Chowawa ndi maso a anthu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa masamba a mchezo munthu amaganiza kuti mlomo wake sungamtsate, pakuti dzina nlopeka, chithunzi ncha katswiri wa mpira wa kunja, ndipo amene akutukwanidwayo nkhope yake sioneka, misozi yake siimveka.

Komanso tisaiwale kuti eni masambawa ali pa malonda. Facebook ndi TikTok amapindula munthu akakhalitsa pamenepo, ndipo makina ake amakankhira patsogolo nkhani imene yautsa anthu ambiri. Mawu odekha amangodutsa. Chipongwe chimakolola ndemanga mazanamazana. Taganizirani mnyamata amene anatsiriza Folomu 4, malo ku koleji sanapeze, ntchito kulibe, ndipo pa mudzi palibe womfunsa maganizo. Tsiku limene wanyoza munthu wodziwika, anthu osamdziwa nkomwe amuwombera m'manja. Sitikumuikira kumbuyo ayi, koma aphunzitsi amadziwa bwino kuti mwana wosowa womumvera amapeza njira yake yomvekera, kaya ikhale yoipa.

Choopsa koposa, komabe, ndi munthu amene sanapeke kanthu, wangotumiza. Mphekesera ya anamapopa si yachilendo. Inavutapo mu 2002. Itabukanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mpaka kufika mu mzinda wa Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa. Bodza limene kale linkayenda pa njinga tsopano lili ndi lamya, ndipo aliyense wolitumiza amadzitonthoza kuti iye wangochenjeza abale.

Lamulo lilipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Wozunza mnzake kudzera pa makinawa akhoza kulipa K2,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 5. Wotumiza mauthenga achipongwe osokoneza mtendere wa mnzake, K1,000,000 ndi miyezi 12. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, motero dzina lopeka si chishango cholimba monga achinyamata amaganizira.

Koma lamuloli latchuka ndi milandu yanji? Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pa gulu la WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko. Mu 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kumanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya wina, monga inanenera ndime 200 ya malamulo a milandu, nkosemphana ndi ufulu wolankhula. Pamenepo khoti linachita bwino, pakuti kudzudzula olamula si kupanda mwambo. Dandaulo lathu nlakuti lamulo limathamanga pamene wakhumudwa ndi wamkulu, koma limatsimphina pamene wolira ndi mtsikana wa kumudzi amene chithunzi chake chamseri chafalitsidwa ndi chibwenzi chakale. Ameneyu kawirikawiri amangoleka sukulu mwakachetechete, makolo namutumiza kwa azakhali kutali, wolakwayo ali phee.

Nanga sukulu zikuchitapo chiyani? Zambiri zinangoletsa lamya, mphunzitsi akaipeza amalanda, nkhani yathera pomwepo. Chiletsocho chili ndi nzeru zake, koma chimatha tsiku limene mwana watuluka pa chipata komaliza, ndipo mphunzitsi wake woyamba wa makhalidwe a pa intaneti amakhala gulu la anzake osadziwanso kanthu. Nzodabwitsa kuti zotere zichitike kuno kumene kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a dziko lonse, ndi koleji ya Domasi yosula aphunzitsi a sekondale. Phunziro la Chichewa limaphunzitsa malonje, kalata ya kwa mfumu ndi mawu a pa maliro; lilekerenji kuphunzitsa kalembedwe ka uthenga wa pa gulu, ndi kafufuzidwe ka nkhani isanatumizidwe?

Pamene tikudikira a silabasi, pali ntchito yosafuna ndalama. Gulu lililonse la WhatsApp, la mpingo, la ophunzira akale kapena la aphunzitsi, lili ndi woliyang'anira. Ameneyo ndiye nyakwawa ya pamenepo. Ali ndi mphamvu yofafaniza uthenga woipa kuti ena asauone, ndi yotulutsa wosamva. Apemphe kuti aliyense alowe ndi dzina lake lenileni, ndipo wonyoza mnzake pa gulu apepesenso pa gulu pomwepo, osati kumbali.