Musanagule Kagalimoto ka M'matope, Yambani Mwagona Pansi

Mvula ikayamba misewu yambiri ya kumidzi imasanduka phala. Nthawi imeneyi ndi pamene mabanja ambiri amayamba kulakalaka kagalimoto kokoka ndi matayala onse anayi, koti kakafike kumunda, kuchipatala ngakhale kumaliro. Popeza yatsopano ndi ya mtengo wapatali, ambirife timagula yoti ena anayendapo kale. Ndalama zake zimakhala za penshoni kapena zosunga zaka zambiri, choncho kuphonya pogula kumaliza banja lonse. Ulendo uno tikambirane za Suzuki Jimny, pakuti zimene tinene zithandizanso pa timagalimoto tina ta mtundu umenewu.

Kampani ya Suzuki ya ku Japan inayamba kupanga Jimny m'chaka cha 1970. Mtundu umene umapezeka kwambiri pa msika wa galimoto zakale ndi umene unapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2018. Dziwani kuti ku Japan anapanga Jimny ziwiri za mtundu umenewu zofanana nkhope: ina ya injini ya 660cc, ina ya 1300cc. Yaing'onoyo imavutika pa ulendo wautali ndi m'zitunda ikanyamula anthu anayi ndi katundu. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Werengani kukula kwa injini pa mapepala.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yowala ndi wailesi yolira bwino zisakutengeni mtima. Mphamvu ya Jimny ili pa chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zimene thupi lonse la galimoto limakhalapo. Tengani tochi ndi mphasa, mugone pansi. Gogodani chasisiyo ndi kanyundo. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, chodyedwa ndi dzimbiri chimalira mogonthera ndipo chimayoyoka. Kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu pofuna kusungunula chipale, ndipo mcherewo umadya galimoto kuyambira pansi. Vundukulaninso kapeti wa kumbuyo muone ngati pansi sipanabooke. Mukapeza phula lakuda lopakidwa chatsopano kunsi konse, funsani chimene likubisa. Injini imakonzeka, koma chasisi yoola kapena yowotcherera pambuyo pa ngozi ndi manda a ndalama.

Mudakali pansipo, onani ngati oyilo sakudontha pafupi ndi matayala akutsogolo. Kenako kwezani tayala ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamasewera ndiye kuti mabering'i otchedwa kingpin atha. Nthenda imeneyi ndi yodziwika pa Jimny, ndipo imachititsa chiwongolero kunjenjemera koopsa galimoto ikathamanga. Matayala onse akhale a saizi imodzi.

Injini iyeseni m'mawa isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Utsi wobiriwira ngati thambo ndi chizindikiro choti ikudya oyilo. Mukatsegula chivindikiro cha oyilo n'kupeza zoyera ngati chambiko, madzi akulowa m'injini. Funsaninso ngati injiniyo ndi ya lamba kapena ya tcheni. Ikakhala ya lamba wa taiming'i, mudziwe tsiku limene anasinthidwa, pakuti akaduka muli paulendo mavuto ake ndi aakulu.

Tsopano yesani chimene mukuigulira. Jimny imayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka woyendetsa atalowetsa 4H kapena 4L. Pitani nayo pa msewu wa fumbi, mulowetse 4H, kenako muime ndi kulowetsa 4L. Mu 4L galimoto iyenera kuyenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu zambiri. Kanyali kakamangophethira osakhazikika, matayala akutsogolo sanagwire, ndipo mukulipira mtengo wa galimoto ya m'matope pamene mukugula galimoto wamba. Mukadzagula, kumbukirani kuti 4H si ya pa tala pouma. Kutero kumapotokola ndi kuononga zitsulo zoyendetsa matayala.

Zonsezi musachite nokha. Safunsa anadya phula. Pitani ndi makaniko wanu amene mumamudziwa, osati wobwera ndi mwini galimoto, ndipo mumulipire bwino. Wogulitsa akakana kuti galimoto ikwezedwe, kapena akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, tsazikani mwaulemu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala nawonso ali ngati chasisi: saoneka pamsewu koma ndiwo amanyamula zonse. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu blue book, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Ngati galimoto yangolowa kumene m'dziko, onani umboni woti msonkho wa MRA unaperekedwa. Onaninso COF ndi inshuwalansi. Kusintha umwini kachitireni limodzi ku ofesi ya Road Traffic, inu ndi wogulitsayo, osatuma madobadoba. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni ziwiri.

Pomaliza, bambo ndi mayi mukhale pansi muwerengere bwino. Jimny ili ndi mipando inayi yokha ndipo malo a katundu ndi ochepa. Ndi yaifupi komanso yaitali msinkhu, motero siifuna liwiro pokhota kapena matumba a chimanga padenga. Ngati banja lanu ndi lalikulu ndipo maulendo anu ambiri ndi a pa tala, galimoto imeneyi si yanu. Ngati ndi yanu, musathere ndalama zonse pogula. Siyani zina zosinthira oyilo yense, mabuleki ndi matayala mwezi woyamba, kuti mvula ikadzagwa mudzafike kumene mukupita.