Wotsogolera Masewera Asakhale Mfumu Yankhanza

Masewera a Dungeons & Dragons anaturuka ku America m'caka ca 1974; anawakonza ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Mmodzi amasimba nkhani, anzace namasankha zocita, ndipo pakakhala cikaiko dayisi ya mbali 20 ndiyo imaweruza.

Tsiku lina wotsogolera wathu anaponyera dayisi mobisa, napha msilikari wanga cifukwa ndinakana njira imene iye anakonza. Anyamata awiri sanabwerenso.

Ine nditi wotsogolera wabwino aziponya dayisi poyera, nafunsa aliyense, ngakhale wamanyazi, kuti, "Ucita ciani?" Agogo akati "Padangokhala," amayembekeza "Tiri tonse." Nkhaniyo nja tonse, akaiumira yekha adzatsala yekha pa tebulo.