Ulendo wa ku Lusaka uyambire ku nkhokwe

Nyengo yokolola ikatha, ndalama za soya, nshawa ndi thonje zikayamba kulowa m'matumba, pa zilengezo za pa Sondo sipalephera kumveka mau akuti gulu lakuti likukonza ulendo wa ku Lusaka, ofuna kupita akalembetse kwa alembi. Pena ndi kwaya, pena amai a Anna Woyera, pena acinyamata, ndipo masiku ano ngakhale makopaletivu a alimi nawonso ayamba.

Ife sititsutsa maulendo otere ai. Kuno kwathu kuli azibambo ndi azimai amene adyetsa Lusaka ndi cimanga cao kwa zaka zambiri-mbiri koma sanaolokepo mlatho wa Luangwa. Nkoyenera ndithu kuti munthu wotere tsiku lina akaone likulu la dziko lake ndi maso ake. Cimene tifuna kunena lero ndi cakuti ulendo wosakonzedwa bwino umasiya njala pa nyumba ndi udani mu mphakati, ndipo zonse ziwirizi tinazionapo.

Tiyambe ndi ndalama. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570, ulendo wa maola 8 kapena kupitirira. Simungapite ndi kubwera tsiku limodzi. Conco pali tikiti ya basi, pogona masiku awiri, cakudya, kayendedwe ka m'tauni, ndiponso ndalama yolowera pa malo ena. Tsono ndalama yonseyi icokera kuti?

Ambiri aife timaipeza pogulitsa cimanga msanga kwa ogula oyenda ndi sikelo m'midzi, pa mtengo wolira, cifukwa tsiku lomaliza kusonkha layandikira. Pofika Novembala mvula yagwa, fataleza palibe. Pofika Januwale tili pa ganyu m'munda mwa mnzathu, pamene munda wathu wamera udzu. Tisaiwale msanga caka ca 2024, pamene cilala cinaononga mbeu mpaka Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco nyumba imene inasungako cimanga cakale ndiyo inagona tulo.

Ndiye cifukwa cake tikuti mlimi asanalembetse dzina, ayambe waima pa nkhokwe pamodzi ndi mkazi wake, kapena mai ndi mwamuna wake. Apatule cakudya cofika mpaka kukolola kwina. Apatule ndalama ya mbeu ndi fataleza, ya FISP ngati dzina lili m'kaundula, ya yunifomu ndi mabuku a ana. Cotsalaco ndico ca ulendo. Ngati palibe cotsala, palibenso manyazi. Lusaka yakhala likulu kuyambira 1935, caka camawa mudzaipeza pomwepo. Atsogoleri a magulu nawonso aleke kuchula maina a osasonkha pa guwa ngati kuti kusapita ku Lusaka ndi cimo.

Caciwiri ndi kasungidwe ka msonkhe-msonkhe. Zaka zapitazo ine ndinatsogolera ulendo wa kwaya ya kwathu. Tinapereka ndalama yonse ya basi kwa munthu wina amene tinamudziwa cabe ndi nkhope, popanda pepala lililonse. Tsiku la ulendo kunabwera basi yaing'ono kuposa imene tinapangana, matayala osalala ngati cipande. Titapitirira Nyimba, m'mapiri muja, inafa. Tinagona m'mbali mwa mseu ndi amai a ana kumbuyo, ndipo tinafika ku Lusaka Misa imene tinayendera itatha kale. Ndalama sinabwere ngakhale ngwee. Koma cimene cinandiwawa koposa ndi cakuti kwa caka cathunthu anthu ena a mu kwayamo sanali kupatsana moni, cifukwa anali kuganiza kuti ife a komiti tinadyapo. Sitinadyepo, koma tinalibe buku loonetsa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadya ndine.

Conco ndalama isungidwe ndi anthu atatu, osati mmodzi. Aliyense wosonkha alandire risiti. Buku liwerengedwe poyera ulendo usanacitike, liwerengedwenso mutabwerako. Bambo mfumu ndi khonsolo ya parishi adziwe zonse. Mwini basi asaine pangano, alandire theka cabe poyamba, ndipo awiri a komiti akaione basiyo ndi maso, pamodzi ndi mapepala ake a inshuwalansi. Nyamukani m'mamawa kuti mapiri a pakati pa Nyimba, Kacholola ndi Rufunsa muwadutse dzuwa likali.

Cacitatu, mukaona ciani? Kungozungulira m'masitolo a ku Manda Hill kuyang'ana zinthu zimene sitingagule sikuyenera thukuta la caka conse. Kwa akristu a dayosizi ya Chipata, malo oyamba ndi Cathedral of the Child Jesus pa Pope Square, pamalo pamene Papa Yohane Paulo waciwiri anacitira Misa mu Meyi 1989. Chalichi cimeneci cinadalitsidwa mu 2006, ndipo ndi kumene anagona Kadinala Medardo Mazombwe, mwana wa kuno kum'mawa, amene anali bishopu wathu kucokera 1971 mpaka 1996, nakhala kadinala mu 2010, namwalira mu 2013. Ambiri aife ndiwo anatilimbitsa. Kukagwada pa manda ao ndi kupempherera dayosizi imene anaitumikira zaka 25 ndi cifukwa cokwanira ca ulendo.

Pa mseu wa Independence Avenue pali cipilala ca ufulu ca munthu wodula unyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974, ndipo pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum. Ku Embassy Park kuli manda a atsogoleri a dziko, pakati pao Kenneth Kaunda amene anamwalira mu 2021 ndi Rupiah Banda amene anamwalira mu 2022. Ku Chilenje kuli kanyumba nambala 394 kamene a Kaunda anakhalamo kucokera 1960 kufika 1962. Ana athu akaone kucepa kwa nyumba imeneyo, adziwe kuti ufulu wa dziko lino unakonzedwera m'nyumba yonga yathu.

Kwa alimi, nthawi yabwino ndi ya cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds, cimene cimacitika kumapeto kwa Julaye kufika pa holide ya alimi, Mande yoyamba ya Ogasiti. Kumeneko mungafunse za mbeu zopirira cilala, mapampu othirira dimba ndi kaweteredwe ka nkhuku. Lowaninso m'mawa mu msika wa Soweto, mufunse mtengo wa thumba la nshawa kapena nyemba, muuyerekeze ndi umene anakupatsani pa khomo panu. Phunziro limenelo lokha lingabweze ndalama ya tikiti. Koma musaunjike malo khumi pa tsiku limodzi. Miseu ya Lusaka imadzaza m'mawa ndi madzulo, ndipo okalamba amatopa. Malo atatu pa tsiku akwana.

Za kudya, tisadzinamize. Mbale imodzi m'malo odyera a apamwamba ingathe ndalama imene banja likanadyera masiku angapo. Nsima ya nkhuku ya kumudzi ndi ciwawa ipezeka m'misika monga ku Thornpark pa mtengo umene mlimi angakwanitse. Ngati acinyamata afuna kulawa za m'tauni, gulu lisankhe cakudya cimodzi, mtengo wake udziwike musananyamuke. Tengani kamba wa panjira, mbatata zophika, nshawa zokazinga ndi madzi akumwa. Kumbukirani kuti kuyambira Okutobala 2023 kufika mu 2024 kolera inapha anthu mazana-mazana m'dziko lino, makamaka ku Lusaka, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Idyani cakudya ca moto, sambani m'manja ndi sopo, ndipo ulendo wa gulu usakhale wa m'dzinja.

Za pogona, lembani kalata msanga ku parishi ina ya ku Lusaka kudzera mwa bambo mfumu, kupempha holo kapena malo a alendo. Abale athu a ku Mtendere, Chawama ndi Matero amagula ciliconse, ufa, malasha, ngakhale madzi. Kuwafikira anthu asanu popanda cenjezo ndi kuwasenzetsa katundu. Ngati mufikira kwa m'bale, tumani foni sabata ikalipo, ndipo musapite cimanja-manja. Kathumba ka ufa ndi nkhuku imodzi zimatsegula citseko.

Potsiriza, werenganani. Ngakhale Maria ndi Yosefe, pobwerera ku Yerusalemu, anayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti Mwana ali pakati pa anzao a paulendo. Pa Intercity pali piringu-piringu woti munthu wa kumudzi angasokonezeke pa mphindi imodzi. Gawani anthu m'magulu a asanu-asanu, lililonse ndi mtsogoleri wake. Aliyense akhale ndi citupa cake ca NRC ndi kapepala kolembapo nambala ya foni ya mtsogoleri. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku asawasiye kunyumba. Basi isanyamuke pena paliponse maina asanaitanidwe.

Pa Sondo likudzali, cilengezo ca ulendo cikawerengedwa, wina aimirire mwaulemu afunse kuti ndalama asunga ndani, basi ndi ya yani, tikagona kuti, tikaona ciani. Komiti imene ili ndi mayankho aikhulupirire. Imene ilibe ibwerere ikakhale pansi.