Zomba ikufunika basi yosunga nthawi, osati sitima yopanda dalaivala

Sabata yatha mu Fomu 3 tinkakamba za sitima imene yakhala ikunyamula mahaji pakati pa Mina, Muzdalifah ndi Arafat kuyambira mu 2010. Mnyamata wina wochokera ku Three Miles anakweza dzanja n'kufunsa kuti: "A Shehe, ku Dubai sitima imayenda yokha popanda dalaivala. Ife timachedwa kusukulu chifukwa chodikira minibasi kuti idzaze. Kodi Zomba singakhale ndi sitima yotereyi?" Anzake anaseka, koma funsoli ndi lanzeru, ndipo ndikufuna kuliyankha pano kuti makolo nawonso amve.

Sitima zimenezi zilipodi, ndipo si za mizinda ikuluikulu yokha. Mzinda wa Lille ku France unatsegula yake mu 1983, ndipo Rennes inatsatira mu 2002. Ku Switzerland, mzinda wa Lausanne, umene uli pamtsetse ngati mmene Zomba yakhalira m'munsi mwa phiri, unatsegula yake mu 2008. Sitima zake zili ndi matayala a labala kuti zikwere zitunda bwino. Sitima zotere zimakhala zazifupi, zimayenda pa njanji yawoyawo m'mwamba kapena pansi pa nthaka, ndipo zimayendetsedwa ndi kompyuta pomwe ogwira ntchito akuziyang'anira ali m'chipinda chimodzi. Popeza palibe dalaivala woti alipidwe paulendo uliwonse, zimatha kubwera pakangopita mphindi zochepa.

Ndiye kuchepa kwa mzinda si vuto lenileni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu mzinda wa Zomba, ndipo Lausanne sikutiposa kwambiri. Komabe maganizo anga ndi akuti tisayambire pamenepo.

Choyamba ndi ndalama. Mzinda wa Brescia ku Italy unatsegula njanji ya makilomita pafupifupi 14 mu 2013, ndipo inadya mayuro oposa 800 miliyoni. Ngongole yotere akaibweze ndi ana omwewa amene tikuwaphunzitsa lero. Chachiwiri ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mdima umene unagwa namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Sitima ya kompyuta ikaima pakati pa njanji ya m'mwamba magetsi atathima, anthu atsika bwanji? Chachitatu ndi kukonza. Addis Ababa inatsegula sitima yake ya mumzinda mu 2015, yokhala ndi madalaivala, koma patapita zaka zochepa sitima zambiri zinaima chifukwa chosowa zipangizo zogula kunja. Ife amene timagona pamizere ya mafuta ndalama zakunja zikasowa, tingapirire zimenezo?

Tisaiwalenso kuti ngakhale Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, njanji sinafikeko. Yapafupi imadutsa ku Liwonde. Walira mvula walira matope: wofuna sitima afunenso amisiri, magetsi ndi ndalama zoisamalira zaka makumimakumi.

Nanga titengepo chiyani? Chimene anthu a ku Rennes amakondwera nacho si kusowa kwa dalaivala ayi. Ndi chakuti munthu amadziwa nthawi imene sitima ifike, mtengo wake susintha mvula ikagwa, ndipo palibe chimene chimaitsekera njira. Zinthu zitatuzi zikhoza kuchitika ndi basi wamba.

Zomba ili ndi mwayi umodzi: anthu ambiri amayenda mumsewu umodzi wa M3, kuchokera ku Chinamwali, kudutsa pa Matawale, kulowa m'tauni, kufika kuchipatala chachikulu mpaka ku Three Miles. Khonsolo ya mzinda itagwirizana ndi eni minibasi kuti m'mawa ndi masana pakhale magalimoto onyamuka pa nthawi yoikika, adzaze asadzaze, mwana wa sukulu sangasowenso phunziro loyamba. Pakhalenso masiteji odziwika okhala ndi denga, ndi kanjira kapambali ka oyenda pansi ndi a njinga. Malo a m'mbali mwa msewu asamangidwe mashopu, chifukwa tsiku limene mzinda udzafune njira ya mabasi okha, kapenanso njanji, kugwetsa nyumba kudzadula kuposa kumanga.

Ena anena kuti zimenezi zilanda ntchito anyamata a kabaza. Ine ndikuona kuti basi ya mumsewu waukulu ingawapatse makasitomala ambiri, chifukwa wotsika pa Matawale adzafunabe njinga yomufikitsa kumsewu wa ku Jali kapena mkati mwa malokeshoni. Chimene sindingavomereze ndi chimene timaona m'mawa uliwonse: ana atatu a yunifolomu atapanikizana pa njinga yamoto imodzi, opanda zipewa zoteteza mutu, pofuna kuti belu lisawalirire panjira.

Makolo, nkhaniyi tikaikambe pa msonkhano wathu wa makolo ndi aphunzitsi, kenako tilembere khansala wa dera lino kalata imodzi yosainidwa ndi tonse. Ndipo iwe amene unafunsa funso lija, limbikira masamu ndi fizikisi. Sitima yoyenda yokha imafuna mainjiniya ambiri, ndipo ngati Zomba idzakhale nayo, ndikufuna oikonza adzakhale ana a kuno.