Maso a mwana ndi amana, tisachedwe nawo

Mu Qur'an Yolemekezeka, Surah Abasa ikufotokoza za munthu wosaona amene anadza kwa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kudzafuna maphunziro. Akatswiri a tafsir amati munthuyo anali Abdullah ibn Umm Maktum, amene pambuyo pake ankaitanira Swala pamodzi ndi Bilal, ndipo Mtumiki ankamusiyira mzinda wa Madina akapita pa ulendo. Chisilamu sichinyoza wosaona. Koma sichitilolanso kungopenya mwana akutaya maso pomwe chithandizo chilipo.

Kuyambira kumapiri a Dedza, kwa Tambala ndi kwa Kasumbu, kutsikira ku Mtakataka ndi ku Golomoti mpaka kugombe la Salima ndi Mangochi, zifukwa zomwe ana amatayira maso zasintha. M'zaka za m'ma 1970, Dr Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, atapima ana m'sukulu za osaona, anapeza kuti ambiri anawonongeka galasi la kunja kwa diso, ndipo chikuku chinali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Chikuku chikakumana ndi kuchepa kwa vitamini A m'thupi, diso limauma, limachita zilonda, kenako chipsera choyera chimatseka kuwala.

Lero tili ndi chifukwa chothokozera Allah. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9 ndiponso 15. Vitamini A amaperekedwa kusikelo kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa vitamini yemweyu. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, matenda aja ofala ndi ntchentche ndi nkhope zosasamba, omwe ankavuta kwambiri m'madera otentha ndi a fumbi.

Zakalezo zikuchepa, koma zotsalazo n'zobisika. Ambiri timaganiza kuti ng'ala ndi matenda a agogo okha, pomwe mwana akhoza kubadwa nayo. Ng'ala ya mwana sidikira ngati ya wamkulu. Ubongo umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirira, ndipo opaleshoni ikachedwa, diso likhoza kuyeretsedwa koma mwanayo osaonanso bwino. Kadontho koyera pakati pa diso nthawi zina kamakhalanso chizindikiro cha khansa ya m'diso, yomwe imapha ikalekereredwa. Palinso khanda lotuluka mafinya m'maso masiku oyamba, ndi mwana wa sukulu amene amangosowa magalasi koma timamutcha mbuli.

Apa mpamene tiyenera kudzifunsa. Kangati tathira m'diso la mwana madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala ogula pamsika, n'kufika kuchipatala diso litaphulika kale? Kangati tanena kuti ndi qadar, tikhale pansi? Dua ndi yofunika, koma kudalira Allah sikutanthauza kusiya njira zomwe Iye mwini watipatsa. Mtumiki anatilimbikitsa kufuna mankhwala. Paja akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya: udindo uli pa bambo ndi mayi, ndipo adzafunsidwa za iwo.

Chithandizo sichili kutali monga timaganizira. Chipatala cha boma cha Dedza chili ndi ogwira ntchito ya maso, chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi ntchitoyi, ndipo ana ofuna opaleshoni amatumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth, Blantyre. Chimene chimagwetsa mabanja ambiri, makamaka a kuseri kwa mapiri m'nyengo ya dzinja, ndi ndalama ya ulendo ndi chakudya cha womudikirira. Apa jamaa ya pa mzikiti isachite manyazi kusonkha sadaka.

Tikupempha mashehe kuti pa tsiku la aqiqah, pometa tsitsi ndi kutchula dzina, akumbutse makolo kuyang'anitsitsa maso a khandalo. Aphunzitsi a madrasa akaona mwana akugunditsa mphuno pa Juzu kapena akutsinzinira poyang'ana bolodi, asathamangire chikwapu, aitane makolo. Amayi asadumphe sikelo, ndipo mango, mapapaya, maungu, chisoso ndi mbatata yofiira m'kati zisathere kumsika ana osalawako.

Ndipo mwana amene wataya kale maso tisamubise m'nyumba kapena kumuimika pa khomo la mzikiti tsiku la Ijumaa kuti azipempha. Sukulu za osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe zimaphunzitsa Braille. Malo ake ndi m'kalasi, ku madrasa, ndi pa mzere wa Swala, pambali pa anzake.